Kaundula wa ubatizo wonyowa ndi Freddy: zomwe makina anaonetsa ndi zomwe tinachita

Bukhu lake ndi kaundula wa ubatizo wa mpingo wina wa kunja kwa tauni ya Zomba, dzina sinditchula poti eni ake sanandipatse chilolezo. Analibweretsa kwa ine kuti ndilikonze anthu awiri, bambo wachikulire amene ndi mlembi wa mpingowo ndi mayi wina wa m'bungwe la amayi, atalikulunga pa chitenje kenako mu jumbo. Linanyowa mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy, malata a kachipinda kosungira katundu atasasuka, madzi nkulowa mu thiranki yachitsulo momwe munali mabukuwo. Analiyanika okha pakhonde, linauma ndithu, koma patapita miyezi anaona kuti akangotsegula masamba akuyoyoka m'manja. Pempho lawo linali lachidule, lichapidwe liyere, tsamba lililonse liikidwe mu pulasitiki ya laminetingi monga timachitira ndi masatifiketi a MSCE, basi libwerere ku ofesi lizigwira ntchito.

Ena anganene kuti ndi bukhu la tchalitchi chabe. Koma kumbukirani kuti kuno ku Zomba moto wa mu 1919 unatentha maofesi a Secretariat pamodzi ndi mafayilo ambiri a boma la atsamunda a zaka zoyambirira, ndipo nyumba yosungira zakale imene lero ndi National Archives of Malawi inadzatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Nde mabuku a mipingo ndi ena mwa malo ochepa amene mungapeze dzina la munthu wamba wa nthawi imeneyo, mudzi wake, dzina la mayi ake ndi chaka chimene anabadwa. Mlembi uja anandiuza kuti mpaka pano anthu amabwerabe kudzafufuzamo pa nkhani za ufumu ndi za malo.

Mmene linalili

Nditalimasula ndinapeza kuti si bukhu limodzi ayi, ndi zigawo zitatu zimene wina anazisokera pamodzi mu chikuto chimodzi. Chigawo choyamba ndi chakale kwambiri, mapepala okhuthala a leja okhala ndi mizere yofiira ndi yabuluu, olembedwa ndi inki imene pano yasanduka yofiirira. Chachiwiri, malinga ndi madeti olembedwamo, ndi cha m'zaka za m'ma 1940, mapepala opyapyala oderako ngati nyuzipepala yakale, ndipo mwambiri munalembedwa ndi pensulo. Chachitatu ndi makalata ndi timapepala tomatidwa ndi seloteipu kumapeto, kuphatikizapo masamba awiri amene wina anawadula nkukawachita laminetingi kale.

Madzi anasiya mzere wofiirira wokhotakhota mmunsi mwa masamba onse, chuku chinagwira pachikuto ndi masamba oyandikana nacho, mapini ndi masitepulo anachita dzimbiri nkudya pepala mozungulira, mphemvu zinanyambita guluu wa kumsana. Chiswe sichinafikemo, mwayi. Koma chimene chinandiimitsa ndi ichi, chigawo chakale chija ukapinda kakona kamabwerera bwinobwino, pomwe cha m'ma 1940, chimene ndi chaching'ono ndi zaka makumi angapo, kakona kamathetheka ngati tsamba la fodya louma, olo kumtunda kwenikweni komwe madzi sanafike nkomwe. Eni ake ankati ndi Freddy. Ine ndinakayika, chifukwa madzi a sabata imodzi sangaumitse pepala malo amene sanakhudze.

Kuyeza

Ndinayamba ndi zotsika mtengo. Tochi ya UV ya 365 nm mu chipinda chamdima, kamaikulosikopu ka USB kamene kali ndi kuwala kwa infrared kwa 940 nm, mita ya pH (muyezo wa asidi, nambala ikamatsika pansi pa 7 ndekuti asidi akuchuluka) ya mutu wafulati yoyezera pamwamba pa pepala ndi kadontho kamodzi ka madzi osungunulidwa, ndi timapepala ta bathophenanthroline toyezera ayironi mu inki. Kenako ndi pomwe ndinapita ku labu ina ya chemistry konkuno kumene kuli makina a FTIR okhala ndi ATR.

Kwa amene simunawaonepo, makinawa amawalitsa infrared, kuwala kumene maso athu saona, pa chinthu chimene mwaikapo, ndipo mankhwala aliwonse ali mu chinthucho amameza kuwalako pa malo akeake. Pa kompyuta pamatuluka mzere wokwera ndi kutsika kuyambira pa 4000 mpaka pa 400 cm-1, ntchito yathu nkuwerenga nsonga zake. ATR ndi kagalasi ka dayamondi kakang'ono kwambiri, mumaika pepala pamwamba nkulipanikiza ndi kachitsulo. Amati siwononga chinthu, koma pa pepala lofooka kupanikizako kumasiya kadzenje, penanso kumang'amba, nde ine sindinaike tsamba la chigawo chachiwiri pamenepo ayi. Ndinatola tizidutswa tomwe tinali titagwera kale mkati kumsana kwa bukhu, nkutiika mu timaenvulopu tolembedwa nambala ya tsamba. Pa chigawo choyamba pokha ndi pomwe ndinayeza tsamba lenilenilo, m'mphepete mopanda zolemba.

Chinyezi cha Zomba chimavutitsa ngakhale makinawo. Achimwene amene amayang'anira labuyo anandichenjeza kuti tizibwereza background, kuyeza mpweya wokha popanda pepala, pafupipafupi, apo bii nthunzi ya mumpweya imadzaza timinga pa gilafu cha pakati pa 1400 ndi 1900, malo omwewo amene ine ndimafuna kuona bwino.

Selulozi, amene ndi thupi lenileni la pepala lililonse, anaoneka paliponse monga mwa nthawi zonse, chitunda chachikulu cha pa 3330, china pa 2900, nsonga za pa 1160 ndi 897, ndi yaitali kwambiri cha pa 1030. Kusiyana kunali pa tinsonga tating'ono.

Pa chigawo choyamba panalibe kanthu pa 1510. Apa ndi pomwe lignin, chinthu chimene chimamanga ulusi wa mtengo pamodzi, amaonekera, nde kusowa kwake kukutanthauza kuti pepalalo ndi la nsanza za thonje kapena la mitengo yophikidwa ndi mankhwala mpaka lignin kuchoka. Panali kansonga cha pa 1540 ndi kutupa kwa pa 1650, zizindikiro za puloteni, kusonyeza kuti pamwamba anapakapo jelatini kuti inki isamalowerere. Pepala labwino la ofesi, lopangidwira kukhala. pH yake m'mphepete inali pakati pa 5 ndi 6.

Chigawo chachiwiri nde kunali nkhani. Nsonga ya pa 1510 inali yoonekeratu, ina pa 1600, ndipo nditadonthezera phloroglucinol, mankhwala oyezera lignin, pa kachidutswa kamodzi kanasanduka kofiira kopita ku pepo nthawi yomweyo. Ili ndi pepala la mtengo wongopera, njira imene Friedrich Gottlob Keller anayambitsa ku Germany m'zaka za m'ma 1840, imene inatsitsa mtengo wa mapepala koma imasiya lignin yense momwemo. Tinsonga tiwiri takuthwa pa 3695 ndi 3620 tinasonyeza kaolin, dothi loyera lija amathira kuti pepala lisaonekere mkati. Pa 875 ndi 712, pomwe calcium carbonate akanaonekera, panali zii, ndekuti pepalali lilibe chilichonse cholimbana ndi asidi. pH inali pafupi ndi 4, kumtunda ndi kumunsi komwe. Sizodabwitsa kwenikweni, nthawi ya nkhondo ya 1939 mpaka 1945 mapepala anasowa ku Britain mpaka ankagawidwa mwa muyeso, ndipo mabuku otchipa a nthawi imeneyo ambiri ali chonchi.

Asidi ameneyu sanachokere kunja. Kuyambira pomwe Moritz Illig anafalitsa njira yake mu 1807, mafakitale ankathira utomoni wa rosin pamodzi ndi alamu mu phala la pepala. Alamu akakumana ndi chinyezi amatulutsa asidi, asidiyo nkumadula maunyolo ataliatali a selulozi pang'onopang'ono, ndipo lignin naye akamakalamba amatulutsa maasidi ena nkuderetsa pepala. Maunyolo akafupika kufika pa timagawo pafupifupi 250 kapena 300, kuchoka pa masauzande, pepala silipindikanso, limangothyoka. William Barrow ku Richmond, Virginia anaonetsa m'zaka za m'ma 1950 kuti asidi ndiye akupha mabuku a m'malaibulale, ndipo muyezo wa ISO 9706 wa mu 1994 umati pepala lokhalitsa likhale ndi pH ya 7.5 mpaka 10 komanso calcium carbonate wosachepera 2 peresenti. Lathuli lalephera pa zonse ziwiri. Freddy anangopeza ntchito itagwiridwa kale ndi zaka zambiri za mu thiranki, pansi pa malata otentha mu Okutobala ndi chinyezi cha dzinja ndi chiperoni.

Pano ndichenjeze anzanga amene mwayamba kumene kugwiritsa ntchito FTIR, chifukwa ndaonapo malipoti amene amangoona nsonga pa 1730 nkulemba kuti pepala laonongeka ndi okosijeni. Inde ma carbonyl, zizindikiro zimene okosijeni amasiya pa selulozi akamakalamba, amaonekera pamenepo, koma mu pepala la mtengo wopera hemicellulose, mnzake wa selulozi wopezeka mu mtengo, nayenso ali ndi nsonga yake cha pa 1735 kuyambira tsiku lomwe linatuluka mu fakitale, rosin ali ndi yake pafupi ndi 1700, ndiye madzi amene pepala limasunga amakhala pa 1640 nkuphimba zonse zoyandikira, makamaka kuno kumene pepala silimauma kwenikweni. Ine ndinagoneka tizidutswa mu botolo la silica gel, timibulu tomwa chinyezi, usiku wonse ndisanayeze, ndipo sindinayerekeze pepala ili ndi pepala lina, ndinayerekeza tizidutswa ta malo awiri a tsamba limodzi, m'mphepete modera ndi mkati kumsana. M'mphepete nsonga ya pakati pa 1710 ndi 1735 inali yotupa kuposa mkati. Zimenezo ndingaziimire. Koma kutalika kwa maunyolo ATR siyeza, imangoona ma micron awiri kapena kuchepera apo a pamwamba (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita), nde za kufooka ndinadalira manja ndi pH.

Inki ndi pensulo

Apa ndi pomwe dongosolo lonse linatembenuka. Inki ya chigawo choyamba pansi pa UV inaoneka yakuda bii ndi kamkombero kowala mozungulira zilembo, ndipo kuseri kwa tsamba zilembo zimaonekera. Pa 940 nm inazilala koma osatheratu. Inki ya kaboni ikanakhalabe yakuda, ya mitengo yokha ikanasoweratu, nde iyi ndi ya iron gall, yopangidwa ndi iron sulfate, tannin ndi gum arabic. Kapepala ka bathophenanthroline nditakanyowetsa nkukagunditsa pa chilembo kanasanduka kapinki kowala, ndekuti muli ayironi womasuka amene akudyabe pepala. Inki imeneyi imaononga pawiri, ili ndi asidi wakewake, komanso ayironiyo amafulumizitsa okosijeni kudya selulozi. Pomwe mlembi wakale ankasindikiza cholembera kwambiri, makamaka pa zilembo zazikulu zoyambira maina, pepala lang'aluka motsatira chilembo, ndipo pa tsamba lina mkati mwa chilembo O munagweratu, patsala kabowo kozungulira. Kumunsi komwe kunanyowa mkombero uja ndi wotakata kuposa kumtunda, madzi anayendetsa ayironi kumulowetsa mu pepala loyera. Pamenepa nde ndingati Freddy anaonjezeradi matenda.

Nde pepala labwino lili ndi inki yoopsa, pomwe pepala loipa lija ndimaganiza kuti bola lili ndi pensulo, poti pensulo siopa madzi. Koma pa mzere wa madzi panali utoto wa pepo wofalikira, ndipo pa maikulosikopu timizere ta pensuloyo tinali ndi timadontho tonyezimira mwa pepo pakati pa graphite. Mlembi uja atasuzumira anati, "Mwanangu, imeneyo ndi pensulo yonyambita ija, aphunzitsi athu ankayamba aigunditsa palilime." Ndi pensulo ya kopiing'i, imene mkati mwake muli utoto wa methyl violet, ndipo utoto umenewu umasungunuka m'madzi komanso mu sipiriti. Ndinayesa ndi kaburashi konyowa pang'ono pa kadontho kakumapeto kwa mzere, pepala lopopera, lomwa madzi lija, linatuluka la pepo. Chigawo chimenechi chikanalowa mu beseni monga anapemphera, maina a anthu akanasanduka chithaphwi chimodzi cha pepo.

Seloteipu inali ya mitundu iwiri. Yakale ndi ya guluu wa labala, kapulasitiki kake kanagwa kalekale, guluu analowa mu pepala nkuuma, lasanduka lofiirira loonekera mkati. Yatsopano FTIR inaonetsa nsonga yakuthwa pa 1730 ndi ina cha pa 1160, guluu wa acrylic, ameneyu akadali wonata. Masamba a laminetingi makina anangoona pulasitiki ya polyester basi, pepala silifikirika.

Kukambirana ndi eni ake

Ndinawaitana ndisanagwire chilichonse, nkuwaonetsa magilafu awiri pa laputopu ndi kapepala kapinki kaja. Za magilafu sanalimbane nazo, chimene chinawagwira mtima ndi pepala lopopera la pepo lija. Mayi aja anafunsa kuti, "Ndiye achimwene, mukuti silingayerenso?" Ndinawayankha kuti amayi, mankhwala oyeretsa alipo koma amadulanso selulozi yemweyo, ndipo pa pepala la lignin kuderako kumabwerera. Za laminetingi ndinakana poyera. Makina aja amatentha kupitirira madigiri 100, guluu amasungunukira mu ulusi wa pepala, asidi amatsekeredwa momwemo nkumapitiriza ntchito yake, ndipo palibe angadzachotsenso osang'amba. Zimandiwawa chifukwa anthu amachita zimenezi ndi mtima wabwino, akufuna kuteteza chinthu chimene amachikonda. Mlembi anadandaula ndithu kuti bukhu losagwiridwa ndi laphindu lanji, ndipo funso lawo ndi lomveka, nde tinagwirizana kuti pakhale kope yogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku.

Zomwe ndinachita

Choyamba kujambula tsamba lililonse, kutsogolo ndi kuseri, ndi kamera pa sitandi, rula ndi khadi la mitundu pambali. Masamba a pensulo ndinawajambulanso pa infrared chifukwa utoto wa pepo umasowa pamenepo, graphite nkutsala, ndipo maina angapo a pa mzere wa madzi amene ndi maso sankawerengeka anawerengeka. Kenako ndinamasula ulusi nkulekanitsa zigawo zitatuzo, pepala la asidi lisamagundanenso ndi labwino. Mapini ndi masitepulo onse kunja. Chuku ndinachichotsa chouma ndi burashi yofewa, panja pakhonde, nditavala masiki ndi magolovesi. Ethanol wa 70 peresenti ndinagwiritsa pachikuto pokha.

Chigawo choyamba ndinachipatsa calcium phytate kenako calcium bicarbonate, njira imene Johan Neevel wa ku Netherlands anafotokoza mu 1995. Phytate amamanga ayironi kuti asathenso kuononga, bicarbonate amathetsa asidi nkusiya kankhokwe kochepa ka calcium carbonate mu pepala. Tsamba lililonse limalowa m'madzi litagona pa nsalu ya polyester kuti lisagwiridwe ndi manja, likatuluka kulipaka jelatini wochepa, nkuliumitsa pakati pa mapepala opopera. Si masamba onse analowa. Ena analembedwa ndi dzanja lina ndi inki imene buluu wake anasuntha poyesa, ena anali atang'aluka kwambiri moti madzi akanagwetsa zilembo, amenewo ndinangowamata ming'alu ndi pepala lopyapyala la ku Japan lopakidwa kale jelatini, lomwe limafuna chinyezi chochepa kwambiri kuti ligwire. Phala la tirigu, limene timamatira mapepala ena, pa inki iyi ndimalipewa chifukwa madzi ake amayendetsanso ayironi. Masamba otsukidwa nditawayezanso, kapepala koyezera kanakhala koyera, pH inafika cha pa 7, ndipo mzere wa madzi uja unazilala koma ukuonekabe.

Chigawo chachiwiri sindinachipatse mankhwala aliwonse. Alipo opopera opanda madzi, a magnesium oxide, monga Bookkeeper, koma ngoitanitsa kunja, ngodula, ndipo olo atapezeka amangoimitsa asidi, mphamvu imene yapita sabweza, komanso pepala la lignin nthawi zina limadera likakumana ndi alkali, mankhwala othetsa asidiwo. Ndalama yochepa imene mpingo unasonkha ndinaona kuti bola ipite ku zosungiramo. Tsamba lililonse lili mu thumba lakelake la polyester lotseguka mbali ziwiri, lopanda guluu, lopanda kutentha, ndipo kumbuyo kwa masamba olembedwa mbali imodzi ndaikako pepala lopanda asidi. Munthu atha kuwerenga, kutembenuza, osakhudza pepalalo.

Seloteipu ya acrylic inachoka ndi kasipatula kofunda ndi labala yochotsera guluu. Banga la yakale ija lakhala. Masamba a laminetingi ndawasiya mmene alili, mu foda yawoyawo.

Kosungira

Zonse zili mu mabokosi atatu a katoni yopanda asidi. Ndinapita kukaona malo, thiranki inali pansi pa simenti, yotsamira khoma lakunja la mbali imene mvula imawombera. Tinasamutsira mu kabati ya mu ofesi, pa shelefu ya pamwamba, khoma lamkati, chipinda chokhala ndi siling'i. Jumbo ndinaletsa chifukwa imasunga thukuta. Ndinawasiyira kamita ka chinyezi nkuwauza kuti nambala ikamakhala pamwamba pa 65 masiku otsatizana chuku chili pafupi, atsegule mawindo masana kukakhala dzuwa, silica gel wa mu kabati akasintha mtundu amuumitse mu uvuni kapena pa mbaula ya moto wochepa. Kutentha nakonso nkofunika, kutsitsa ndi madigiri 5 okha kumatha kuchulukitsa moyo wa pepala la asidi pafupifupi kawiri, nde kungochoka pansi pa malata opanda siling'i ndi chithandizo kale.

Kope yosindikiza ili ku ofesi, mafayilo ali pa fulashi ziwiri zosungidwa nyumba zosiyana. Tizidutswa tija ndasunga pamodzi ndi magilafu ake, ndipo dzinja likatha ndidzayezanso pH pa masamba omwewo ndi kuona ngati pinki wabwerera pa masamba a phytate. Mu thiranki muja mwatsala kaundula wa maukwati amene pepala lake ndi lofanana ndi la chigawo chachiwiri ndipo ali ndi masitepulo ambiri kuposa uyu. Mlembi walonjeza kumubweretsa mvula ya Novembala isanayambe, ndipo ndawapempha kuti pakadali pano asamutsegule, asamatepo kanthu, angomunyamula chogoneka pa kathabwa.